Mtengo Wokha Sunena Chimene Chachitika Pamsika

Kwa zaka zambiri ndinkayenda ndi chiganizo china m'mutu chimene ndinkachiyesa nzeru, ndipo ndinkachinena molimba mtima nthawi iliyonse anthu akayamba kudandaula za kukwera kwa mitengo ya zinthu. Ndinkati anthu akamufuna kwambiri katundu mtengo umakwera, mtengo ukakwera anthu amasiya kumufuna, ndipo akasiya kumufuna mtengo umatsikanso, choncho palibe chodetsa nkhawa chifukwa zonse zimabwerera pomwe zinali. Tsiku lina mnzanga wina, amene amakonda mafunso osautsa, anandifunsa kuti ngati zili choncho, n'chiyani chimaletsa anthu aja kuyambiranso kumufuna katunduyo mtengo ukangotsika, n'kuukwezanso, kenako n'kumangozungulira chotero mpaka kalekale. Ndinasowa poyankhira. Zinanditengera nthawi kuti ndione kuti vuto silinali pamsika koma pakamwa panga, popeza ndinkagwiritsa ntchito liwu limodzi loti kufuna potchula zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Chinthu choyamba ndi kuchuluka kwa katundu amene anthu amagula pa mtengo umene ulipo. Chachiwiri ndi mtima wonse wa ogula, kutanthauza kuchuluka kwa katundu amene akanagula pa mtengo wina uliwonse umene mungatchule. Tiyerekeze kuti munthu wayendera ogula onse n'kulemba ndandanda yosonyeza kuti mtengo ukakhala wakutiwakuti adzagula zochuluka chotere, ukatsika pang'ono adzagula zoposerapo, ukakwera adzagula zochepa. Mtengo ukasintha pamsika, ndandandayo sisintha ayi, chala chokha ndicho chimasuntha kuchoka pa mzere wina kupita pa mzere wina wa ndandanda yomweyo. Koma malipiro a anthu akakwera, kapena anthu akachuluka, kapena katundu wina amene ankagula m'malo mwa ameneyu akasowa, ndandanda yonse imayenera kulembedwanso, chifukwa tsopano pa mtengo uliwonse anthu akufuna zambiri kuposa kale. Ogulitsa nawonso ali ndi ndandanda yawo, imene imayenda mosemphana ndi ya ogula, pakuti mtengo wokwera umawakopa kubweretsa katundu wambiri. Ndandanda yawoyo imalembedwanso pamene ndalama zopangira katundu zasintha, pamene luso latsopano latulukira, kapena pamene nyengo yawononga zokolola. Mtengo wa pamsika umakhazikika pamene ndandanda ziwirizi zagwirizana, pomwe katundu amene ogula akufuna ndi wofanana ndi amene ogulitsa akulolera kupereka.

Ndi kumvetsa kumeneku funso la mnzanga uja limayankhika lokha. Ogula akawonjezera chikhumbo chawo mtengo umakweradi, ndipo kukwerako kumabweza ena mwa iwo, koma sikufafaniza chikhumbo chatsopanocho. Mtengo umakwera mpaka pamene ogulitsa awonjezera katundu mokwanira ndipo ogula osalimba mtima achoka mokwanira, kenako umaima pamenepo, pamwamba pa pomwe unali kale, katundu wogulidwanso ali wochuluka kuposa kale. Alfred Marshall, mphunzitsi wa zachuma wa ku Cambridge amene buku lake lalikulu linatuluka koyamba mu 1890, anayerekezera mbali ziwirizi ndi mipeni iwiri ya sizasi, ponena kuti kukangana ngati mtengo umakhazikitsidwa ndi ogula kapena ndi ogulitsa kuli ngati kukangana ngati pepala ladulidwa ndi mpeni wapamwamba kapena wapansi. Ndimaligwiritsa ntchito fanizoli, komabe ndimaona kuti limasiya funso lomwe limativuta tsiku ndi tsiku, loti mwa mipeni iwiriyo, ndi uti umene wasuntha lero.

Yankho limene ndinalipeza, lomwenso ndi chifukwa cholembera nkhani ino, ndi lakuti mtengo pawokha sungatiuze zimenezo. Pamafunika nambala yachiwiri, ya kuchuluka kwa katundu amene wagulidwa. Kusintha kukachokera kwa ogula, mtengo ndi kuchuluka kwa katundu zimayendera limodzi, zonse kukwera kapena zonse kutsika. Kukachokera kwa ogulitsa zimasemphana, china kukwera china kutsika. Lamuloli ndi lalifupi moti limaoneka ngati lachibwana, koma nkhani zambiri zimene timamva zonena za mitengo zimatchula nambala imodzi yokha n'kusiya inzake, kenako n'kupereka chifukwa chimene wonenayo anali nacho kale mumtima.

Msika wa mafuta osayenga ndi malo abwino oyeserapo lamuloli, chifukwa wadutsa m'mikhalidwe pafupifupi yonse. Mu Okutobala 1973, pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa Israel ndi mayiko a Egypt ndi Syria, mayiko a Aluya opopa mafuta anachepetsa mafuta amene ankatulutsa ndipo anasiya kugulitsa ku United States ndi ku mayiko ena ochepa. M'miyezi yowerengeka mtengo wa mgolo umodzi unachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12. Palibe amene anadzuka m'mawa n'kuyamba kukonda mafuta kuposa dzulo lake. Mtengo unakwera pamene mafuta ofika pamsika anachepa, ndipo kusemphana kumeneko ndi chidindo cha mbali ya ogulitsa. Kenako tione zaka za pakati pa 2003 ndi 2008, pamene mtengo unakweranso kwambiri mpaka kufika pa madola 147 mu Julayi 2008. Ulendo uno mafuta amene dziko lapansi linkagwiritsa ntchito ankachulukirachulukira m'zaka zambiri za nyengo imeneyo, makamaka chifukwa mafakitale ndi magalimoto a ku China ndi mayiko ena amene chuma chawo chinkakula msanga ankafuna ochuluka. Akatswiri amatsutsanabe za gawo limene amalonda ongoyembekezera phindu anali nalo pa kukwera komaliza kwa 2008, koma chithunzi chachikulu n'choonekeratu, chakuti mtengo ndi kuchuluka zinkakwerera limodzi. Kwa woyendetsa galimoto nyengo ziwirizi zinali zowawa mofanana, pamene matenda ake anali osiyana, ndipo mankhwala oyenera matenda ena sangachize enawo.

Mbali ya ogulitsa siibweretsa zowawa zokhazokha. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi cha aluminiyamu, chitsulo chimene lero timachitaya pamodzi ndi zitini zopanda kanthu. Mu 1884, pomaliza kumanga chipilala chokumbukira George Washington mumzinda wa Washington, pansonga pake anaikapo kachidutswa ka aluminiyamu, pa nthawi imene chitsulochi chinali chosowa ndi chodula chifukwa kuchilekanitsa ndi miyala yake kunali kovuta kwambiri. Patangopita zaka ziwiri, mu 1886, Charles Martin Hall ku America ndi Paul Héroult ku France anatulukira, aliyense payekha, njira yochiyengera pogwiritsa ntchito magetsi. Mtengo unagwa, ndipo kuchuluka kwa aluminiyamu wogulidwa kunakwera modabwitsa. Munthu woona kuchuluka kokhako anganene kuti anthu anayamba kumukonda aluminiyamu, koma kutsika kwa mtengo kumasonyeza kuti chimene chinayamba kusintha ndi ndandanda ya opanga, ndipo ogula anangotsatira mtengo kumene unkapita.

Ndisanadzitame kuti zimenezi n'zosavuta, ndiyenera kutchula kuti msampha umenewu unakolapo akatswiri enieni. Mu 1914 Henry Moore, wa ku yunivesite ya Columbia, anasonkhanitsa manambala a zaka zambiri a mtengo ndi kuchuluka kwa chitsulo chosasula, ndipo anapeza kuti zaka zimene mtengo unali wokwera ndi zomwenso chitsulo chinagulidwa chambiri. Iye anaganiza kuti watulukira mtundu watsopano wa ogula, amene amagula zambiri mtengo ukakwera. Anzake anamuonetsa kuti sizinali choncho. Chikhumbo cha ogula chitsulo chimakwera ndi kutsika malinga ndi mmene ntchito zomanga ndi mafakitale zikuyendera, ndiye pamene chinkasunthasuntha chaka ndi chaka, manambalawo ankajambula ndandanda ya ogulitsa, osati ya ogula. Elmer Working anafotokoza vutoli momveka bwino mu 1927, ndipo mu 1928 Philip Wright anasonyeza njira yolithetsera, yomwe ndi kufunafuna chinthu chimene chimagwedeza mbali imodzi yokha n'kusiya inayo. Nyengo ndi chitsanzo chabwino, pakuti chilala chimachepetsa zokolola popanda kusintha njala ya odya, choncho zaka za chilala zimaulula mmene ogula amachitira mtengo ukakwera. Zimanditonthoza ndithu kudziwa kuti kusokonezeka kwanga kunali ndi achibale ake ophunzira kwambiri.

Nthawi zambiri mbali zonse ziwiri zimasuntha pamodzi, ndipo apa mpamene munthu woona mtima amayenera kuvomereza malire a zimene anganene. Ogula akawonjezera chikhumbo pa nthawi yomwe ogulitsanso awonjezera katundu, tingatsimikize kuti katundu wogulidwa achuluka, koma za mtengo sitinganene kanthu mpaka titadziwa mbali imene yasuntha kwambiri. Ogula akawonjezera chikhumbo pamene katundu akuchepa, mtengo ukwera mosakayikira, koma kuchuluka kwa wogulidwa kungapite uku kapena uko. Chimodzi mwa ziwirizi chimadziwika, chinacho chimadikira muyeso.

Palinso funso lina limene ndimaliona lofunika kuposa loti mtengo upita kuti, ndilo lakuti upita patali bwanji. Kusuntha kofanana kwa mbali imodzi kumatha kugwedeza mtengo pang'ono pamsika wina, koma n'kuugwedeza koopsa pamsika wina, ndipo kusiyanaku kumadalira kuti mbali inayo ili ndi pothawira kapena ayi. Katundu amene ali ndi olowa m'malo mwake ambiri akachepa, ogula amangosamukira kwina, mtengo n'kukwera pang'ono, kuchuluka kwa wogulidwa n'kutsika kwambiri. Koma katundu amene munthu sangakhale popanda iye akachepa, ogula amalimbirana wotsalayo, ndipo mtolo wonse umagwera pa mtengo. Zimenezi zinadziwika kalekale. Mu 1699 Charles Davenant anasindikiza ku England kawerengedwe kamene anthu amakatchula ndi dzina la Gregory King, kosonyeza kuti zokolola za tirigu zikaperewera ndi 10 peresenti mtengo umakwera ndi 30 peresenti, zikaperewera ndi 20 peresenti umakwera ndi 80 peresenti, ndipo zikaperewera ndi theka umakwera ndi 450 peresenti. Manambalawa ndi a nthawi yawo ndi malo awo, ndipo sindingawaike pa msika wina uliwonse wa lero, koma tawerengani zimene akutanthauza. Matumba 100 ogulitsidwa pa mtengo wa 100 amabweretsa 10,000, pamene matumba 90 ogulitsidwa pa 130 amabweretsa 11,700. Alimi onse pamodzi angathe kupeza ndalama zambiri m'chaka choipa kusiyana ndi m'chaka chabwino, ngakhale kuti mlimi amene munda wake wapseratu sapeza kanthu. Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi yowawa kwambiri, yoti chaka cha zokolola zochuluka chingathe kusaukitsa amene anakolola.

Pothawirapo pamakula ndi nthawi, ndipo ichi n'chifukwa chake yankho la mwezi uno limasiyana ndi la zaka khumi zikubwerazo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo msika nawo suonetsa nkhope yake yonse tsiku loyamba. Mu Julayi 1975 chisanu choopsa chinaumitsa mbewu za khofi zambirimbiri m'minda ya ku Brazil, makamaka m'chigawo cha Paraná. Mbewu ya khofi imatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti iyambe kubereka, choncho ngakhale mtengo wa khofi padziko lonse unakwera kangapo mpaka kufika pachimake mu 1977, alimi sakanatha kuwonjezera zokolola nthawi yomweyo. Chimene akanatha ndi kubzala, ndipo anabzaladi, ku Brazil ndi m'mayiko ena, moti minda yatsopanoyo itayamba kubereka mtengo unali utatsika kale. Kuchedwa kotereku kumabala kuzungulira kumene kumafanana pang'ono ndi chiganizo changa chakale chija, koma gwero lake ndi lina. Opanga amasankha kuchuluka kwa katundu wa mawa poyang'ana mtengo wa lero, ndiye amafika pamsika onse pamodzi, mochedwa.

Mafuta anatsata njira yomweyo koma pang'onopang'ono. Mu 1974 munthu wokhala ndi galimoto yomwa mafuta ambiri sakanachitira mwina koma kulipira. Pofika zaka khumi zotsatira, makamaka mtengo utakweranso mu 1979 chifukwa cha kusintha kwa boma ku Iran, ogula anali atapeza njira zambiri zothawira. United States inakhazikitsa mu 1975 malamulo okakamiza opanga magalimoto kuti azipanga osamwa mafuta ambiri, malo ambiri opangira magetsi anasiya kuwotcha mafuta, ndipo France inamanga malo ochuluka opangira magetsi a nyukiliya. Kumbali ya ogulitsa, mtengo wokwerawo unachititsa kuti mafuta ovuta kupopa akhale opindulitsa, moti a pansi pa nyanja ya North Sea anayamba kufika ku Britain mu 1975, ndipo a kumpoto kwa Alaska anayamba kuyenda mumpaipi mu 1977. Bungwe la mayiko ogulitsa mafuta kunja lotchedwa OPEC linayesa kuteteza mtengo pochepetsa mafuta ake, Saudi Arabia ndiyo itasenza gawo lalikulu la kuchepetsako, mpaka inatopa n'kutsegulanso mipope, ndipo mu 1986 mtengo unagwa kupitirira theka. Mtengo wokwera uja unali utalera okha adani ake kumbali zonse ziwiri.

Mtengo ukakwera mwadzidzidzi, chinthu choyamba chimene olamulira amaganiza ndi kuuletsa ndi lamulo, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa kulira kwa anthu kumakhala kwenikweni. Mliri waukulu utapha anthu osawerengeka ku England mu 1348 ndi 1349, antchito anachepa pamene minda yofunika kulimidwa inali yomweyo, ndipo malipiro anayamba kukwera monga mmene mtengo wa chilichonse chosowa umakwerera. Boma la Mfumu Edward III linalamula mu 1349, n'kulimbitsanso lamulolo mu 1351, kuti malipiro abwerere pomwe anali mliri usanabwere. Lamulo silinaukitse akufa, ndipo eni minda omwewo amene linkawateteza ankaliphwanya mwakabisira pofuna kupeza anthu okolola. Zaka zoposa 600 pambuyo pake, mu 1973 ndi 1974, United States inali ndi malamulo oletsa mtengo wa mafuta kukwera momasuka, ndipo zotsatira zake zinali mizere yaitali ya magalimoto, mpaka m'madera ena anthu ankagula mosinthana masiku malinga ndi nambala ya galimoto yawo. Kupereweraku sikunachoke, kunangosintha ndalama yolipirira, kuchoka pa madola kupita pa maola odikira. Sindikunena kuti boma lizingopinda manja anthu akuvutika. Maganizo anga ndi akuti thandizo limene limawonjezera katundu, kapena limene limaika ndalama m'manja mwa osauka, limakhudza chimene chasunthadi, pamene lamulo logwira mtengo wokha limatseka pakamwa pa mthenga amene amauza opanga kuti awonjezere ndi ogula kuti asamale.

Mkhalidwe umene watsala, wa chikhumbo cha ogula kugwa, tinauona ndi maso athu mu 2020. Matenda a COVID-19 atafalikira, ndege zinaima, misewu inakhala pululu, ndipo mafuta amene dziko linkafuna anachepa mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri ya msikawu. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo opopa mafuta sanali okonzeka. Chitsime cha mafuta sichitsekedwa ngati mpopi wa madzi, chifukwa kuchitseka ndi kudzachitsegulanso kumadya ndalama ndipo nthawi zina kumachiwononga, choncho m'masabata oyambawo mbali ya ogulitsa ndiyo inalibe pothawira. Pa 12 Epulo mayiko a OPEC pamodzi ndi Russia ndi ena anagwirizana kuchepetsa migolo 9.7 miliyoni patsiku, koma mgwirizanowo unali woyamba kugwira ntchito mu Meyi, pamene mafuta ankapitirizabe kudzaza matanki.

Pa 20 Epulo 2020, mtengo wa mapangano ogula mafuta a ku America odzalandiridwa mu Meyi unatsekera pa madola 37.63 pansi pa ziro. Mapangano amenewa amafuna kuti amene wawasunga mpaka tsiku lomaliza alandiredi mafutawo ku Cushing, m'chigawo cha Oklahoma, kumene malo osungira anali atatsala pang'ono kudzaza ndipo otsalawo anali atalipiridwa kale ndi ena. Amalonda amene analibe tanki yothiramo analolera kulipira aliyense wovomera kuwachotsera mtolowo. Nditamva koyamba ndinaganiza kuti malamulo onse amene ndafotokozawa asweka, koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti anali kugwira ntchito mpaka kumapeto kwake, pakuti chikhumbo cha ogula chinali chitagwa, opopa sakanatha kubwerera msanga, ndipo kusintha konse kunatsikira pa mtengo. Tsiku lotsatira mapanganowo anatha ali pa madola pafupifupi 10. Nambala yachiwiri ija inabwera mochedwerapo, monga mwa chizolowezi chake, pamene mafuta opopedwa ku United States anatsika kuchoka pa migolo pafupifupi 13 miliyoni patsiku kumayambiriro kwa chakacho kufika pafupifupi 10 miliyoni mu Meyi.